A Banda Onsewa

Pakati pa chaka cha 2009, munthu womvera nkhani pa wailesi ankayenera kutchera khutu bwino akamva kuti "a Banda anena zakutizakuti". Wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi anali Mayi Joyce Banda. Unduna woona za ubale ndi maiko akunja, umene iwo anali atangousiya kumene, unaperekedwa kwa Mayi Etta Banda. Sipikala wa Nyumba ya Malamulo anali a Henry Chimunthu Banda. Kungodutsa chipata cha pa Mchinji, mtsogoleri wa Zambia anali a Rupiah Banda. Nyuzipepala ya The Nation, imene anthu ankawerengamo za onsewa, inali ya a Aleke Banda, ndipo m'minibasi zambiri nyimbo yomwe inkalira inali ya Lucius Banda. Pamwamba pa onsewo panali dzina la Ngwazi Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali atagona m'manda zaka 12 koma osachoka pakamwa pa anthu.

Atolankhani a kunja akamalemba za mmodzi wa anthuwa amakonda kuwonjezera kamzere kakuti munthuyo sali pachibale ndi Dr Hastings Banda. Sanama ayi. Palibe mwa iwo amene anali mwana, mphwake kapena mdzukulu wa Kamuzu. Komabe mukanapita kumudzi kukafunsa agogo ngati a Banda awiri okumana pa njira ali pachibale, akanakuyang'anani modabwa, chifukwa kwa iwo funsolo layankhidwa kale. Banda si dzina la banja limodzi monga maina a Azungu. Ndi mfunda, kapena kuti chiwongo, ndipo mfundawu ndi wakale kuposa malire onse amene lero amagawa eni ake.

Nkhani za makolo, zimene Samuel Nthara anazisonkhanitsa m'buku la Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, zimati Achewa anachokera ku dziko la Aluba, kumene lero ndi ku Congo. Pali nthano yodziwika yakuti gulu lina litafika pamalo ena linagona pamwamba pa phiri n'kukhala a Phiri, pomwe lina linabanda udzu m'munsi n'kukhala a Banda. Nthanoyi ndi yokoma kuuza ana madzulo, koma akatswiri a mbiri monga Matthew Schoffeleers ndi Kings Phiri anaona kuti pansi pake pali china cholemera. Iwo anati magulu awiriwa sanafike tsiku limodzi. A Banda ndiwo anayamba kufika n'kukhazikika, a Phiri anabwera pambuyo ndi ufumu wawo wa Kalonga, ndipo awiriwa anayenera kupeza njira yokhalira limodzi.

Njirayo inali kugawana ntchito. A Phiri anatenga mpando. Kalonga ankachokera kwa a Phiri, kudzera mwa mayi wa ufumu wotchedwa Nyangu, ndipo likulu lake linali ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anapezako mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China. A Banda anasunga nthaka ndi mvula. Mkazi wamkulu wa Kalonga, wotchedwa Mwali, ankayenera kukhala wa kwa Banda. Ndipo ku Msinja, m'munsi mwa mapiri a Dzalanyama, kunali kachisi wamkulu wa mvula amene mwini wake anali Makewana, nayenso wa kwa Banda. Makewana sankakwatiwa ndi munthu wamba, sankameta tsitsi poopa kuti mvula ingaleke, ndipo ankatumikiridwa ndi atsikana otchedwa matsano. Chilala chikavuta, mafumu akutali ankatumiza mphatso kwa iye. Mfumu yokhala ndi mikondo yambiri inkatha kulanda midzi, koma mitambo ikakana inkagwada kwa mayi wa kwa Banda. Kachisiyo anapasulidwa m'zaka za m'ma 1800, pa nthawi ya nkhondo za Angoni.

Nchifukwa chake zimaseketsa pang'ono kuti dzina la mfunda umene makolo sanaupatse mpando ndilo lanyamulidwa ndi atsogoleri a dziko atatu m'maiko awiri. Mpando wa Kalonga udakali kwa a Phiri, kwa Gawa Undi ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakachita mwambo wa Kulamba mwezi wa August chaka ndi chaka. Koma ku nyumba za boma za ku Zomba, Lilongwe ndi Lusaka kwalowa a Banda.

Mfunda unali ndi ntchito yake ya tsiku ndi tsiku. Mlendo akafika pamudzi, atapatsidwa madzi, ankafunsidwa mfunda wake, ndipo akapezeka mnzake wa mfunda womwewo, malo ogona apezeka. Anthu a mfunda umodzi sankakwatirana. Pothokoza munthu wamkulu sunkatchula dzina lake lobadwa nalo, unkati zikomo a Banda, wawa a Phiri, ndipo mayi unkamutcha Nabanda kapena Naphiri kufikira tsiku la imfa yake, kaya akwatiwe kwa yani. Chimene chinasandutsa mfunda kukhala dzina lolemba papepala ndi kaundula: wa sukulu ya mishoni, wa ubatizo, wa msonkho, ndi chiphaso cha ulendo wa ku migodi. Kalaliki ankafuna maina awiri. Mnyamata amene bambo ake ankadziwika ndi maina atatu osiyana malinga ndi amene akuwaitana ankangopereka chimene sichisintha, ndicho mfunda. Motero anthu zikwizikwi osadziwana, a ku Kasungu, Dowa, Chipata, Nkhotakota ndi Angonia, analowa m'mabuku a boma ndi dzina limodzi. Si Achewa okha. Atonga a ku Nkhata Bay nawonso ali ndi a Banda awo ambiri, ndipo mbiri ya ndale za Malawi singafotokozeke popanda iwo.

Kamuzu mwiniwakeyo anali mwana wa mifunda iwiri ija. Bambo ake anali a Mphonongo Banda, mayi ake Akupingamnyama Phiri, ndipo amene anamutsogolera pa maphunziro ndi pa ulendo anali malume ake, a Hanock Msokera Phiri. Anachoka ku Kasungu wapansi ali mnyamata, nagwira ntchito pa chipatala cha ku Hartley ku Southern Rhodesia, kenako ku migodi ya ku South Africa, ndipo mu 1925 anakwera sitima ya pamadzi kupita ku America. Anamaliza digiri ku University of Chicago mu 1931 ndi maphunziro a udokotala ku Meharry Medical College mu 1937, nakawonjezera ena ku Edinburgh. Ali ku America komweko ndiye anali mwini chilankhulo amene anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la malamulo a Chichewa lotuluka mu 1937. Munthu yemweyo atabwerera kwawo patapita zaka zoposa 40 ankalankhula pa misonkhano m'Chingerezi, wina n'kumamasulira.

Chimene ambiri sakumbukira n'chakuti Kamuzu sanali Banda woyamba kutsogolera chipani cha Nyasaland African Congress. Mu 1957 mtsogoleri wake anali a Thamar Dillon Thomas Banda a ku Nkhata Bay, odziwika kuti TDT. Iwowa anapita ku Ghana pa chikondwerero cha ufulu wa dzikolo mu March 1957, nakaonana ndi dokotala amene pa nthawiyo ankagwira ntchito ku Kumasi, n'kumupempha kuti abwerere kumudzi. Sanadziwe kuti akuitana munthu wodzawachotsa pampando. Achinyamata a m'chipani, Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, ankafuna mtsogoleri wa msinkhu ndi maphunziro oti Azungu amuope ndi mafumu amulemekeze. Kumayambiriro kwa 1958 a TDT anachotsedwa pa nkhani yokhudza ndalama za chipani, ndipo amene anasungira dokotala mpando kwa miyezi ingapo anali a Matthews Phiri. Kamuzu anatera pa Chileka pa 6 July 1958, ndipo mwezi wotsatira anasankhidwa kukhala mtsogoleri pa msonkhano umene unachitikira ku Nkhata Bay, kwawo kwa amene anachotsedwayo. A TDT anayambitsa chipani chawo cha Congress Liberation Party, koma sichinapite patali. Kuyambira pamenepo, munthu akati "Banda" m'Nyasaland, aliyense ankadziwa amene akunenedwa.

Amene anasenza dzinali molemera kuposa onse ndi a Aleke Banda. Anabadwira ku Livingstone mu 1939, makolo awo ali a ku Tukombo ku Nkhata Bay, nakulira ku Que Que ku Southern Rhodesia. Mu 1959 boma la kumeneko linawagwira chifukwa cha ndale n'kuwathamangitsira ku Nyasaland, dziko la makolo awo limene iwo sankalidziwa kwenikweni. Anafika Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo ndipo Congress italetsedwa. Mnyamata wa zaka 20 ameneyu, pamodzi ndi loya Orton Chirwa, anayambitsa Malawi Congress Party mu September chaka chomwecho, nakhala mlembi wamkulu wake ndiponso mkonzi wa nyuzipepala ya chipani, Malawi News. Kamuzu atatuluka mu April 1960 anapeza chipani chili chiimire, ndipo mnyamatayo anamusunga pambali pake. Pa chisokonezo cha nduna cha 1964, pamene Chipembere, Chiume, Chirwa ndi anzawo anagwa, Aleke anatsala. Anakhala nduna ya zachuma akadali wamng'ono, anatsogolera achinyamata a chipani, ndipo pambuyo pake anayendetsa kampani ya Press.

Alendo ambiri ankaganiza kuti ndi mwana wa Ngwazi, ndipo sikunali kovuta kuganiza choncho poona dzina ndi kufupika kwawo kwa mkuluyo. Koma kufupika ndi Kamuzu kunali ngati kuwotha moto wa chitsa: ukasendera kwambiri umapsa. Mu 1973 nyuzipepala ina ya ku Zambia inalemba kuti a Aleke ndiwo angadzalowe m'malo mwa Kamuzu. M'Malawi wa masiku amenewo, kungoganiziridwa kuti ungalowe m'malo mwa mtsogoleri wamuyaya unali mlandu. Anachotsedwa pa maudindo n'kutumizidwa kumudzi. Anabwezedwanso patapita nthawi, koma mu 1980 anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu, ndipo anakhala m'manja mwa boma zaka 12, zambiri mwa izo ku Mikuyu. Atatuluka mu 1992 sanapite kukapuma. Analowa m'gulu lomenyera ndale za zipani zambiri, anayambitsa The Nation mu 1993, ndipo chipani cha UDF chitapambana mu 1994 anabwereranso ku unduna wa zachuma womwe uja, kenako wa zaulimi. Anamwalira mu April 2010. Ine ndimaona kuti pa a Banda onse a ndale, awa ndiwo mbiri yawo sinalembedwe mokwanira, mwina chifukwa dzina lawo likatchulidwa maganizo a anthu amathamangira kwa Kamuzu, mwini litchowa.

Mukaika pamodzi malo amene anthuwa anabadwira ndi kukulira, mumaona njira za matchona. Kamuzu anadutsa ku Hartley ndi ku Joni. Aleke anabadwira ku Livingstone. A Rupiah Banda anabadwira ku Gwanda, ku Southern Rhodesia, pa 19 February 1937, makolo awo atachoka kummawa kwa Northern Rhodesia kukafuna ntchito. Msonkho wa atsamunda unkafuna ndalama, ndalama inali ku migodi ndi ku mafamu a kummwera, ndipo amuna, nthawi zina ndi mabanja awo, ankapita wapansi kapena kudzera kwa olemba anthu ntchito a Wenela ndi Mthandizi. Ena anabwerako ndi njinga ndi sutikesi, ena anatchona. Nchifukwa chake lero ku Bulawayo, Harare, Kitwe ndi Johannesburg kuli a Banda amene sanaonepo Dzalanyama ndipo ena Chichewa sachimva n'komwe.

A Rupiah anabwerera kwawo kukaphunzira, nafika ku Munali ku Lusaka, kenako ku Lund ku Sweden. M'boma la Kenneth Kaunda anakhala kazembe ku Egypt ndi ku America, woimira Zambia ku United Nations, ndi nduna ya zakunja m'zaka za m'ma 1970. Anali atapuma kale ku famu yawo ku Chipata pamene Levy Mwanawasa anawatenga kukhala wachiwiri wake mu 2006. Mwanawasa atamwalira mu August 2008, a Rupiah anagwirizira mpando, napambana chisankho cha mu October. Mu September 2011 anagonja kwa Michael Sata, ndipo anavomera poyera, misozi ili m'maso, n'kuchoka. Anamwalira pa 11 March 2022.

Patangopita miyezi 7 chichokereni iwo, njira yomweyo inabwerezedwa ku Malawi. Bingu wa Mutharika anamwalira mwadzidzidzi pa 5 April 2012, ndipo patatha masiku awiri a manong'onong'o ndi misonkhano ya usiku, wachiwiri wake, amene anali atachotsedwa kale m'chipani cholamula, analumbira pa 7 April. Mayi Joyce Banda anakhala mayi woyamba kutsogolera Malawi. Anabwezeretsa mbendera ya dzuwa lotuluka, anagwetsa mphamvu ya kwacha kuti mafuta ndi thandizo la kunja zibwerere, ndipo ulamuliro wawo unadetsedwa ndi kubedwa kwa ndalama za boma kumene kunaululika mu 2013. Pa chisankho cha 2014 anakhala achitatu. A Banda awiriwa analowa pa khomo la maliro, natuluka pa khomo la voti.

Koma kwa agogo aja, Mayi Joyce si Nabanda. Anabadwira kwa Malemia ku Zomba mu 1950, ndipo bambo awo anali a Gray Mtila, woimba m'bandi ya apolisi. Dzina la Banda analitenga pa ukwati, mwambo umene unabwera ndi tchalitchi ndi boma, poti kale mkazi sankasiya mfunda wake. Mwini dzina ndi amuna awo, a Richard Banda, amene ali mnyamata ankasewera mpira m'timu ya dziko, nadzakhala mkulu wa makhoti onse a Malawi kuyambira 1992 mpaka 2002, zaka zimene dziko linadutsa pa riferendamu ya 1993 ndi chisankho cha 1994. Pambuyo pake anakagwira ntchito yomweyo ku Swaziland. Asasokonezedwe ndi a Richard Chimwendo Banda a ku Dowa, a Malawi Congress Party, amene ndi munthu wina, wa mbadwo wina. (Ndipo kuti chisokonezo chikwane, pamene Kamuzu ankachoka pampando mu 1994, dziko la Sri Lanka linali ndi mtsogoleri wotchedwa Dingiri Banda Wijetunga, amene naye anachoka chaka chomwecho. Banda wakeyo ndi wa chilankhulo cha kumeneko, alibe chochita ndi Msinja.)

Dzinali likanangokhala la andale likanatopetsa. Ku Balaka linamveka mwa njira ina. Paul Banda anayamba kuimba ndi anzake pa parishi ya Katolika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, gulu limene linadzakhala Alleluya Band, ndipo situdiyo yake inajambula oimba ambiri amene anapanga chimene anthu amachitcha nyimbo za ku Balaka. Mng'ono wake Lucius, wobadwa mu 1970, anakulira m'bandi yomweyo. Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chinatuluka pa nthawi imene dziko linkasintha, ndipo nyimbo ya Mabala inanena mokweza zimene anthu anakhala akunong'onezana kwa zaka 30 za nkhanza za chipani chimodzi. Apa ndiye panali Banda woimba mlandu ulamuliro wa Banda, pa kaseti yogulidwa pa msika. Anadzitcha Soja, anayambitsa Zembani Band, ndipo oimba ambiri otchuka anadutsa m'manja mwake.

Ndale zinamukoka nayenso. Anapambana mpando wa phungu wa kumpoto kwa Balaka mu 2004, anasemphana ndi boma la Bingu, ndipo mu 2006 anamangidwa pa mlandu wokhudza satifiketi ya sukulu. Anatuluka patapita miyezi yochepa atachita apilo, natulutsa chimbale chotchedwa Cell 51 Maximum, dzina lochokera ku chipinda cha ndende. Ena amati ndale zinamuchepetsa, chifukwa woimba wodzudzula onse akavala malaya a chipani amataya theka la omumvera. Pali choona pamenepo. Komabe atamwalira ku South Africa pa 30 June 2024, atavutika nthawi yaitali ndi impso, anthu a zipani zonse anakhamukira ku Balaka, ndipo nyimbo zimene ankaimba pa maliropo zinali zake zomwe.

Kunja kwa Africa kuno, wachinyamata amene amadziwa dzina la Banda lero mwina sanamvepo za Ngwazi. Amadziwa Barbra, wobadwira ku Lusaka pa 20 March 2000, amene ankaseweranso nkhonya asanasankhe mpira. Anasewera ku Green Buffaloes, ku Logroño ku Spain ndi ku Shanghai ku China. Pa masewera a Olympics a ku Tokyo mu 2021, Zambia inagonja 10-3 kwa Netherlands, zigoli zitatu zonsezo zili zake, ndipo pa masewera otsatira anamwetsanso zitatu pofanana mphamvu 4-4 ndi China. Palibe mkazi amene anachitapo zimenezi kawiri motsatizana pa mpikisanowu. Mu 2023 penate yake yolimbana ndi Costa Rica inali chigoli cha nambala 1,000 m'mbiri ya World Cup ya amayi. Ku Paris mu 2024 anamwetsanso zitatu, Zambia n'kugonjabe 6-5 kwa Australia, zomwe zikusonyeza kuti vuto la timuyo silinali kutsogolo.

Chaka chomwecho timu ya Orlando Pride ya ku America inamugula pa mtengo wa madola 740,000. Pa mpikisano wa omwetsa zigoli zambiri mu ligi ya kumeneko anapitiriridwa ndi munthu mmodzi yekha, Temwa Chawinga wa ku Malawi, amene anamwetsa 20 pomwe iye anamwetsa 13. Koma pa masewera omaliza olimbirana chikho mu November, Orlando inagonjetsa Washington Spirit 1-0, chigolicho chili cha Barbra, ndipo mwezi wotsatira anasankhidwa kukhala mkazi wosewera mpira bwino kuposa onse mu Africa.